Diso Losalakwa la Alamu Anga

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1951. Anali achinayi m'banja la ana asanu ndi awiri, ndipo ndi iwo amene atsirizira, abale awo onse anatsogola kale. Bambo awo ankalemba zikwangwani za masitolo, mayi awo ankachapa zovala pachipatala. Malemu anakulira pakati pa zitini za penti, m'nyumba ya zipinda ziwiri, chimodzi cha anthu, china cha matabwa ndi mabulashi.

Ine ndaima panone ndine mlamu wawo, mlongo wa amayi akhala pafupi ndi bokosiwo, ndodo ili pamiyendo. Akuchimuna anapemphedwa kuti awerenge mbiriyi, koma aliyense anapeza chifukwa chake. Tsono dzana achemwali angawa anandiitana nkundiuza kuti ndiwerenge ine, ndipo ndinene zinthu monga zinalili, popeza malemu eniake sankalola kuti chotuwa chitchedwe choyera. Abusa, ndikatalikitsa mundikhululukire. Anamalira nonse, mundipirire.

Malemu anayamba sukulu mu 1958. Anali mwana waukhondo, wosakonda mpira, wolemba bwino pamzere. Akaweruka ankasakanizira bambo awo penti. Mu 1968, ali Folomu 2, bambo awo anamwalira ndipo sukulu inathera pomwepo. Kwa zaka ziwiri anayesa kupitiriza ntchito ya zikwangwani, koma eni masitolo ankadandaula kuti mnyamatayo amachedwa, chifukwa ankafufuta ntchito yotha kale akaona kuti chilembo chimodzi chafiira kuposa chinzake.

Mu 1970 analembedwa ntchito pafakitale yonyika nsalu mu utoto. Anayamba ndi kutsuka matanki. Mu 1973 mabwana anafuna munthu wa m'chipinda choyezera mitundu, ndipo anayesa antchito onse. Ankakupatsani timabatani tambirimbiri tosiyana pang'onopang'ono, kuti mutindandalike kuyambira kobiriwira mpaka kabuluu popanda kudumphitsa. Malemu okha ndiwo sanalakwitse. Kuchokera tsiku limenelo pafakitale ponse ankawatchula kuti a Diso, ndipo dzinali ankalikonda kuposa la ubatizo.

Ambiri mwa inu munkangomva kuti amagwira ntchito ya mitundu. Ndifotokozeko pang'ono, poti inenso ndinagwirapo pafakitale yomweyo, kosungira nsalu, ndipo popanda ntchitoyi munthuyu simungamumvetse. Sukulu ikafuna yunifolomu yabuluu, kungonena kuti buluu sikukwanira, chifukwa buluu wa inu si buluu wa mnzanu. Ndiye pali buku la mitundu. Ndi timakadi titalitali tomangidwa kumodzi, totambasuka ngati makadi a njuga m'dzanja, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nambala yake. Wokonza kaonekedwe ka yunifolomu amasankha nambala ali muofesi mwake. Nambala yomweyo imapita kwa onyika nsalu, kwa opanga ulusi, kwa opanga mabatani, kwa osindikiza baji, mpaka kwa wopenta geti la sukulu. Anthu amenewa sadziwana, ena ali maiko ena, koma zinthu zawo zikakumana patebulo la telala zimakhala ngati zatuluka m'thanki imodzi.

Ntchito ya malemu inali kuima pakati pa nambalayo ndi thanki. Ankadula kansalu, nkukaumitsa, nkukaika pambali pa khadi m'bokosi lotuwa mkati, lokhala ndi magetsi atatu: lina lowala ngati dzuwa, lina ngati la m'sitolo, lina ngati babu la m'nyumba. Ankatero chifukwa nsalu ziwiri zimatha kugwirizana padzuwa nkukakangana pababu. Akapukusa mutu, nsalu yonse inkabwerera m'thanki, ndipo antchito amene anali atavala kale majekete kuti aweruke ankawavulanso. Bukulo linkakhala m'dilowa, kutali ndi dzuwa, losakhudzidwa ndi manja a mafuta. Likakalamba ankagula lina, poti nalonso limasuluka.

Tisawalande zawo. Pantchito imeneyi analibe mnzawo. Amayi ena muli pano munagulira mwana woyamba diresi la sukulu, patapita zaka nkugulira womaliza, awiriwo nkufanana ngati mwadula pansalu imodzi. Linali diso la malemu limenelo. Sanamwe mowa, sanayende ndi akazi, sanajombe ku ntchito. Izi ndazinena kuti mbiri ikwane.

Pa 7 Ogasiti 1976 malemu anamanga banja ndi achemwali anga. Achemwaliwo ankasoka masampulo, zovala zoonetsa ogula, pafakitale pomwepo. Anadziwana tsiku limene malemu anawabwezera malaya chifukwa ulusi wa pakolala unali wodera pang'ono kuposa nsalu. Achemwali anasoka kachiwiri, malemu anabwezanso. Ife tinkaseka, tinkati ndi kufunsira kwa anthu amanyazi. Kumeneko kunali kuyamba kwake, ndipo sanasiye kuwabwezera ntchito mpaka sabata yathayi. Mboni paukwatiwo anali mnzawo wapamtima, amene ankayeza ufa wa utoto, amene tonse tinkawatchula kuti a Sikelo.

Atalowa m'banja achemwali anasiya ntchito, chifukwa malemu anati mkazi wa a Diso sangamalamulidwe ndi kapitawo. M'nyumba mwawo zovala zinkayanikidwa mkati kunja, pamthunzi pokha. Malaya akasuluka paphewa, malemu ankawayala patebulo nthawi ya chakudya, nkukhala chete, mpaka achemwali atapepesa. Makatani a pabalaza anasokedwa katatu. Ndinapitako tsiku lina nkupeza achemwali akumasula ulusi pakhushoni, misozi ili m'maso, akuti maluwa ake sakugwirizana ndi mpando.

Mu 1978 Mulungu anawapatsa mwana wamwamuna, mu 1982 wamkazi. Mnyamatayo ali khanda malemu ankamukonda. Ankamunyamula nkumamuonetsa kwa alendo, amvekere uyu ndiye adzakhale pampando wanga, taonani masowo.

Mu 1985 fakitale inagula buku latsopano, ndipo malemu anatengera lakale kunyumba kuti ayambe kuphunzitsa mwana wawo. Analidula timakadi. Lamlungu lililonse pochokera ku tchalitchi, anthu asanadye, ankatimwaza patebulo nkuuza mnyamatayo kuti aike tofiira uku, tobiriwira uku, takhofi uku. Mwanayo ankayang'anitsitsa, lilime lili panja, nkuika kofiira pakati pa tobiriwira. Malemu ankamuuza kuti ayang'anenso. Ankayang'ana, nkusuntha kena kamene kanali pabwino. Apo lamba ankatuluka m'thalauza. Iwo ankati mwanayo akuchita dala, akufuna kuwachititsa manyazi, ndipo sadya mpaka atakhoza. Chakudya chinkazizira patebulo lomwelo.

Chaka chotsatira anayamba kukweza mtsikana uja patebulo, ali ndi zaka zinayi. Iye ankangotola ndi tizala take osalakwitsa, bambo ake nkumaomba m'manja. Anamuphunzitsa kuti achimwene ake asamawatchule achimwene, aziwatchula Chimbuuzi. Mnyamatayo akalakwitsa, kamtsikanako nkamene kankauzidwa kuti kakatenge lamba kuchipinda, ndipo kankathamanga kakuseka. Mwana wa zaka zinayi sadziwa kuti amusandutsa chikwapu.

Achemwali anga anayesa kumupulumutsa mwana wawo. Anatenga singano nkuboola kuseri kwa timakadito, kofiira kabowo kamodzi, kobiriwira tiwiri, kuti azimva ndi chala. Masabata angapo mnyamatayo anakhoza, ndipo m'nyumbamo anthu anadya zotentha. Kenaka malemu anaona kuti mwanayo akuyang'ana kudenga pamene zala zikusankha. Anatembenuza khadi limodzi nkuliunika pawindo. Sanakalipe. M'mawa mwake anabwera ndi anthu awiri amene ananyamula makina osokera a achemwali, amene mayi athu anawasiyira, nkupita nawo. Mpaka lero sitidziwa kumene anapita.

Mu 1987 aphunzitsi a mnyamatayo anauza achemwali kuti mwanayu saona choko chofiira pabolodi, ndipo apite naye kwa adokotala a maso. Malemu anapita nawo limodzi, kuti bodza likaonekere pamaso pa ophunzira. Adokotala anamuonetsa zithunzi za madonthomadontho zokhala ndi nambala mkati. Zimene bambo ake ankaona msangamsanga, iye sankaziona. Adokotala anati mwanayu si waulesi, si wabodza, anabadwa choncho, ndipo palibe mankhwala kapena ndodo imene ingasinthe. Anati nthawi zambiri zimadzera kuchikazi, nkufunsa ngati achemwali ali ndi mlongo wotero.

Mlongoyo ndine. Kwa ife chofiira, chobiriwira ndi chakhofi zimayandikana ngati ana a mimba imodzi. Tomato wakupsa timamudziwa pomugwira. Sizipweteka, ndipo ine ndakalamba nazo.

Mukuganiza kuti malemu anamugwira mwana wawo paphewa atamva zimenezi. Kumenya anasiyadi, sanamukhudzenso mpang'ono pomwe. Madzulo a tsikulo, banja lili patebulo, anayang'ana achemwali nkunena kuti: "Moyo wanga wonse ndasankha mtundu wolakwika kamodzi kokha, ndipo ndi mtundu wa kwanu." Kuyambira pamenepo mnyamatayo ankadyera kukhitchini. Alendo akafunsa kuti ana alipo angati, malemu ankayankha kuti mmodzi, ndi wina wa mayi akewa.

Sabata yomweyo anapita kwa bwana wamkulu kukanena kuti kosungira nsalu kuli munthu wosaona mitundu. Zinali zoona. Chimene sanatchule nchakuti ine ndinkawerenga nambala pamipukutu ya nsalu, ndipo nambalazo anaziikira zimenezo, kuti ntchito isadalire maso a munthu aliyense. Mwezi usanathe ntchito yanga inatha. Ndinakaphunzira kukonza mapaipi a madzi ndili ndi ana atatu kale. Pakhomo pa alamu anga sindinaloledwenso kupondapo, achemwali ndinkakumana nawo pamsika.

Mu 1996 mnyamatayo anamaliza sekondale ndipo anakhoza bwino. Ankafuna ntchito ya zamagetsi. Kusukulu ya ntchito zamanja anamupatsa mawaya kuti asiyanitse, ndipo anamubweza tsiku lomwelo, poti pamagetsi kusokoneza waya ndi imfa. Anabwerera kunyumba. Loweruka lake kunali phwando la mlongo wake, amene anasankhidwa kupita ku sekondale. Alendo atakhuta, malemu anatulutsa tizidutswa ta mawaya m'thumba, nkuitana mnyamatayo kuti achoke kukhitchini kuja. Kanali koyamba kumuitana patapita zaka zambiri, ndipo anabwera mothamanga, akupukuta manja. Iwo anati: "Injiniya wathu, tatisankhireni wofiira." Mnyamatayo anatambasula dzanja nkutola wobiriwira. Pabalaza ponse panagwa chiseko. Ine kunalibe, koma maina ndinauzidwa, ndipo ena amene munaseka tsiku limenelo ndikukuonani pano, mwavala zakuda.

Dzuwa lisanalowe anafika kwanga ndi chikwama chimodzi. Anangoti amalume, ndabwera. Ndinamuphunzitsa mapaipi, poti madzi safunsa kuti ukuona mtundu wanji. Lero ndi mmisiri wa mapampu, ali ndi antchito ake. Bambo ake sanafunsepo kumene wapita.

Mu 2001 mwana wamkazi anapita ku koleji kukaphunzira zojambula. Anatenga diso la bambo ake lonse. Lero ali ku mzinda waukulu, amakonza kaonekedwe ka mapaketi a sopo ndi mabotolo a mafuta, ndipo ndi iye tsopano amene amasankha nambala zimene mafakitale amatsatira. Malemu ankayenda ndi pepala la sopo m'thumba la jekete, nkumaonetsa anthu m'basi kuti mtundu uwu anasankha mwana wanga.

Mu Disembala 2004 mnyamata uja anakwatira. Achemwali anachita kugwada kuti bambo ake apiteko, ndipo anapita. Anakhala kutsogolo. Operekeza mkwatibwi atalowa ndi madiresi abuluu, malemu ananena mokweza, mpaka abusa a tsikulo anatukula mutu, kuti buluu wake ndi wakufa, wachita ngati madzi ochapira, zikuoneka kuti anasankha ndi mkwati. Anatuluka malumbiro asanathe. Anthu anayang'anizana, chifukwa madiresiwo anali owala bwino, ngakhale ine buluu ndimamuona. Palibe amene anadziwa kuti ng'ala inali itayamba m'maso mwawo. Ng'ala imeneyi imachititsa diso chikasu pang'onopang'ono, munthu nkumaona dziko ngati akuyang'anira m'tambula ya tiyi, iye osadziwa.

Mu 2005 kampani ina ya mabasi inaitanitsa nsalu ya malaya a madalaivala ndi makondakitala ake onse. Nambala inali imodzi, ya mabasi, ya mipando, ya matikiti ndi ya malaya. Kansalu koyamba katatuluka, malemu anakaika m'bokosi lija nkunena kuti buluu wachepa, aonjezere. A Sikelo anaonjezera. Malemu anati wachepabe. A Sikelo ananena mwaulemu kuti achimwene, taonjezera kale, kwa ine zikuoneka kuti tapyola. Malemu anawafunsa kuti kodi Diso ndi ndani pafakitale pano. Anaonjezeranso, malemu nkuvomereza, nsalu yonse nkupita.

Inabwerera yonse. Mabatani ochokera kwina, ulusi wochokera kwina ndi mabaji zinali zogwirizana bwinobwino, nsalu yokha ndiyo inali italowera ku pepo. Mabwana anaitanitsa malemu ndi a Sikelo muofesi. Malemu anati iwo anavomereza mtundu wolondola, koma a Sikelo anasintha muyezo pambuyo pake, ndipo masiku amenewo ankabwera akununkha mowa. A Sikelo anali mkulu wa mpingo, mowa sanaulawepo. Akuti sanadziteteze nkomwe, anangowayang'ana mnzawoyo pakamwa. Mabwana anakhulupirira diso limene linali lisanawalakwitsepo. A Sikelo anachotsedwa ngati wakuba, tsitsi lili mbuu. Anayamba kukankha wilibala pamsika, ndipo ana awo awiri anasiya sukulu. Chaka chotsatira nsalu ina inabwereranso, ndipo amene analowa m'malo mwa a Sikelo nayenso anachotsedwa.

Mu 2007 fakitale inagula makina oyezera mtundu. Ndi kanthu kakang'ono ngati simbi yositira, mukakaika pansalu kamatulutsa manambala osonyeza kuti mwatalikira bwanji ndi khadi. Tsiku ndi tsiku makinawo ankatsutsana ndi malemu. Iwo anati makinawo ndi abodza, anawonongeka panjira. Mabwana anabweretsa ena, nawonso anatsutsa. Pamapeto pake anatulutsa timabatani tija, kuti onse a m'chipinda choyezera ayesedwenso. Amene analipo akuti malemu anatindandalika mwachangu, monga kale, nkupinda manja. Mzere wake unali wosokonekera ngati wa mwana wa mkaka. Mu Janyuwale 2008 anawapumitsa ntchito, nkuwapatsa wotchi ya pakhoma. Fakitale inadziwa tsopano amene analakwitsa nsalu ya mabasi, koma nayonso inangokhala chete. A Sikelo sanaitanidwe.

Atapuma, malemu anapenta pabalaza pawo. Anasakaniza okha penti, anati akufuna mtundu wa mkaka. Khomalo linatuluka lotuwa molowera ku pepo, ngati pamene pamatupa munthu akamenyedwa. Alendo ankangoyamikira, achemwali ankangosesa. Ndani akanawauza?

Mu 2010 madokotala anawachotsa ng'ala. Tsiku limene anamasula bandeji anabwera kunyumba, nkuima pakati pa balaza nthawi yaitali, akuyang'ana khoma. Achemwali anandiuza kuti anayamba kukhala ndi chiyembekezo. Anaganiza kuti tsopano aona, tsopano adziwa, mawa adzuka nkupita kwa a Sikelo, mwina ngakhale kwa mwana wawo. Malemu anatembenuka nkunena kuti: "Ndiye kuti nthawi yonseyi mwakhala mukundiseka m'nyumba mwanga." Anagula penti wina. Popeza adokotala anawaletsa fumbi, anauza achemwali kuti apente iwowo, chikhale chilango cha kukhala chete. Achemwali anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu. Anakwera makwerero, malemu ali pampando akuloza pamene padumphidwa. Pakona ya kukhomo makwerero anaterereka, ndipo fupa la m'chiuno linathyoka. Anawanyamulira ku chipatala ndi aneba. Malemu anayamba apeza munthu womaliza khomalo, nkupita kukawazonda litauma. Ndodo mukuionayo inachokera pamenepo.

Mu 2011 a Sikelo anagwa pamsika wilibala ili m'manja, ndipo sanadzukenso. Malemu anauzidwa. Anati maso awo sakufuna dzuwa.

Mu 2013 anapezeka ndi matenda a shuga. Mankhwala ankamwa akafuna, poti ankati madokotala a masiku ano ndi ana. Pofika 2017 shugayo anali atawononga maso onse awiri, ndipo ulendo uno panalibe chochotsa. Achemwali, akutsimphina choncho, ndi amene ankawasambitsa, kuwameta, kuwadyetsa ndi kuwatsogolera kuchimbudzi. M'mawa uliwonse akawaveka malaya, malemu ankafunsa kuti ndi a mtundu wanji. Achemwali akayankha, iwo ankaitana mayi oyandikana nawo nyumba kuti asuzumire pampanda atsimikize, chifukwa mawu a munthu wa kwathu sanali odalirika. Mayi amenewo ali pano, angakuuzeni. Mwana wamkazi ankaimba foni Lamlungu, ndipo ankabwera ntchito ikamulola, zimene sizinkachitika kawirikawiri.

Mu Epulo chaka chino impso zinayamba kuvuta, ndipo anagonekedwa m'chipatala. Madokotala anati magazi achepa kwambiri, abale abwere adzapereke. Mwana wamkazi anati ali pakati pa ntchito imene sangaisiye. Ana a abale awo a malemu mafoni awo sankapezeka. Achemwali ndi ine anatikana chifukwa cha ukalamba. Tsono achemwali anaimbira mwana wawo wamwamuna. Sanamuchonderere, anangomuuza mmene zinalili. Iye anasiya pampu ili chimasulire kwa eni ake, nkubwera. Anapereka magazi. Ataona kuti mayi ake sangathe kutembenuza wodwalayo pabedi, anakhalira konko. Ankawanyamula ngati mwana, kuwapukuta, kuwasinthira zofunda, zonsezo osatulutsa mawu. Malemu ankaganiza kuti ndi wantchito wa m'chipatala, ndipo anauza achemwali kuti mnyamata ameneyu ali ndi manja abwino, si ngati anamwino aja.

Mphamvu zitabwerera pang'ono, malemu anafunsa kuti magazi anapereka ndani. Ine ndinali pomwepo, kumiyendo kwa bedi. Achemwali anati: "Mwana wanu. Ndi amene wakugwirani phewayu." Mnyamatayo, munthu wa imvi kale, anawerama nkunena kuti: "Ababa, ndine. Mukupezako bwanji?" Malemu anatembenuzira nkhope kumene kunali achemwali, nkunena kuti: "Mukanandifunsa kaye."

Mnyamatayo anamaliza kuwakhazika bwino papilo. Anawafunditsa bulangete mpaka pachifuwa, anasendeza kapu ya madzi pamene dzanja lawo lingafike, anagwira mayi ake pamkono, nkutuluka. Sanabwererenso.

Malemu anatulutsidwa mu Meyi, nkugonekedwanso kumayambiriro kwa Juni. Anatisiya Lachisanu pa 14 Juni 2024, m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu. Achemwali anali atatuluka kukapempha madzi otentha, chifukwa malemu anadandaula kuti tiyi wazizira. Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza.

Malemu asiya mkazi, achemwali angawa, amene akhala nawo m'banja kuyambira 1976.

Asiya mwana wamkazi. Sanathe kufika. Anatumiza nkhata yaikuluyo, ndiponso anatumiza nambala ya mtundu wa timapepala ta ndondomeko ya mwambo uno, tili m'manja mwanuto. Wosindikiza wa pakona pathu buku la mitundu alibe, anangosindikiza ndi inki imene anali nayo. Lero m'mawa mwanayo ataona chithunzi chake pafoni anandiimbira, akulira mosatonthozeka, akuti amalume, buluu ameneyo si amene ndinatumiza, mwawachititsa manyazi adadi. Za mayi ake sanafunse. Sindikumuseka ayi. Ndi zokhazo zimene anaphunzitsidwa kulirira.

Asiya mwana wamwamuna. Musavutike kutembenuka, palibe. Ali moyo, ali bwino, ali ku ntchito. Ndinapita ndekha kukamuuza za zovutazi. Anandipatsa mpando, anamvetsera mpaka ndinamaliza, nkuyankha mwaulemu kuti amalume, sindingabwere pamaliro awo ndisanawafunse kaye. Mawa atumiza galimoto kudzatenga mayi ake ndi katundu wawo, akakhala kwa iye.

Asiyanso adzukulu atatu, ana a mnyamatayo, amene malemu sanawaonepo, ngakhale pa zaka zimene maso awo ankaona.

M'malo mwa banja ndithokoze anamwino ndi madokotala amene anawasamalira osabweza mawu. Ndithokoze abusa ndi akumpingo, aneba amene ananyamula achemwali anga kupita nawo ku chipatala, ndi amayi a pampanda aja. Ndithokoze anzawo a ku fakitale amene mwabwera, ngakhale mwachepa. Ndithokozenso amayi a kwa a Sikelo, akhala kumbuyo uko ndi ana awo. Atafika ndinawauza kuti mwatilemekeza. Anandiyankha kuti ayi achimwene, tangobwera kudzaona ndi maso athu.

Ambuye amene amadziwa zonse awalandire malemu monga afunira Iye mwini, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere. Achemwali, inu mawa mugone mpaka dzuwa likwere. Palibe amene akuitaneni.